Dimba la amayi pa pepala la mbalame

Ndikukumbukira Julaye wa chaka chimene ndinali Sitandade 7, chiperoni chitatha masiku anayi osatilola kuona dzuwa. Aphunzitsi athu, a Makwinja, anafunsa amene angadzipereke kukawerenga mbalame ku damu la esiteti Lamlungu m'mawa. Panalibe malipiro. Ine ndinaimika mkono msangamsanga, chifukwa ndinkafuna kugwirako magalasi oonera patali amene a kuofesi ya esiteti anatibwereka.

Miyezi yozizira tiyi saphukira kwenikweni, ndiye othyola ambiri ankaimitsidwa ntchito mpaka mvula itagwa. Amayi anali m'gulu limenelo. Bambo anali atapita ku Limbe kalekale, osabwerako. Chimene chinkatidyetsa anthu anayi chinali kadimba kamene amayi analima kuseri kwa damulo atadula bango: mpiru, tomato ndi chimanga pang'ono. Malowo anali a kampani. Alonda ankadziwa, koma ankayang'ana kumbali poti nawonso ankalandirako kamtolo ka masamba.

Tinafika kudamu mame adakali m'udzu, mapazi atachita dzanzi. Ndinawerenga akakowa, abakha a m'madzi ndi nantchengwa mmodzi amene anangoti ndwii m'matope. A Makwinja anauza anzanga kuti Esitere yekha ndiye ali ndi diso, ndipo ine Esitereyo mutu unakula. Pansi pa pepala limene aliyense anapatsidwa kuti alembepo mbalamezo panali funso lakuti kodi taona chilichonse chosokoneza mbalame. Anzanga onse analemba kuti palibe, ndipo ndinawaona ngati aulesi. Ine ndinalemba mwaukhondo kuti kuseri kwa damu bango ladulidwa ndipo pali dimba. Ndinajambulanso kamapu. Musandifunse kuti nzeru zinali kuti. Ndinkayesa pepalalo likathera m'chikwama cha aphunzitsi ngati mayeso, nkubwerako litachongedwa ndi inki yofiira.

Linakafika pa tebulo la manijala. Lachinayi poweruka kusukulu ndinapeza amayi atakhala pakhonde, matope mpaka m'mawondo, pambali pali dengu la tomato wosapsa. Alonda omwe aja anali atabwera kudimba ndi zikwanje, kapitawo atagwira pepala. Chinthu cholembedwa sakanachiyang'ananso kumbali.

Amayi sanandimenye. Bola akanandimenya. Anangoti, "Kapitawo anandionetsa pepala lija. Ngakhale sindidziwa kuwerenga, dzanja lako ndinalizindikira. Umalemba bwino, mwanawe."

Ndinathamangira kwa a Makwinja misozi ili mbwembwembwe. Iwo anandiuza kuti ndanena zoona, ndipo wonena zoona salakwa. Ankalankhula atavala majuzi awiri, kukhitchini kwawo kukununkhira nyemba. Mpaka lero mawu amenewo amandipsetsa mtima.

Mvula itagwa, dzina la amayi silinaitanidwe polemba othyola tiyi. Nyumba ya kampani tinatulukamo, ndipo Sitandade 8 ndinakaiona patapita zaka ziwiri, ndikukhala kwa malume ku Chimaliro. Ndimamva kuti bango lija linaphukanso bwino.

Lero ndine nesi, ndimalemba mapepala tsiku ndi tsiku. Sindinama, koma ndisanaike cholembera ndimafunsa kuti pepalali likupita kwa ndani, nanga likagwera pamutu pa ndani. Mbalame sindidana nazo, zinalibe mlandu. Chimene chimandiwawa nchakuti anzanga aja sanali aulesi. Dimbalo analiona monga ndinalionera ine, koma iwo anakumbukira kuti ndi la amake Esitere. Amene anaiwala ndi Esitereyo.