Thawulo la Mayi Makona

Mayi Makona asita zovala ku hotela kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Chipinda chawo chogwiriramo ntchito chili pansi, kuseri kwa khitchini, kumene makina ochapa amalira tsiku lonse ndipo galasi la pazenera limachita thukuta. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a pantchito, chifukwa iwo akapinda nsalu ya pabedi, makona onse anayi ayenera kukumana ndendende. Akapanda kukumana amafunyulula n'kuyambiranso, ngakhale bwana ataima pakhomo akuloza wotchi. Pa ukwati wa mwana wawo woyamba anasowa pa nthawi yojambula zithunzi, ndipo anawapeza kuseri akupinda nsalu za patebulo anthu asanamalize n'kudya komwe. Si kudzionetsera ayi, manja awowo ndi momwe analengedwera.

Matenda a mpikisano anawatengera m'basiketi ya zochapa. Tsiku lina munapezeka kachovala kakuda, kotanuka, kakang'ono moti ankayesa n'kamwana, chonsecho kachokera m'chipinda cha mlendo wandevu zake. Pakhosi pake panali kachizindikiro ka simbi yodulidwa ndi mtanda. Chovala chokana kusitidwa! Mayi Makona anamva ngati atukwanidwa. Anakanyamula ndi zala ziwiri mpaka kudziwe losambira alendo, kukafunsa mkulu wosamalira dziwelo, amene onse amangomuti Kapitawo.

"Kameneko n'ka anthu osokonekera mitu," anatero Kapitawo akuvuula masamba m'madzi. "Amasambira nako, akavuuka amakwera nako njinga, akatsika amathamanga nako. Zitatu zonse ulendo umodzi, osakhala pansi."

"Ndiye amawapatsa chiyani?"

"Mendulo, ndi miyendo yowawa."

Mayi Makona anaseka mpaka kugwira m'mimba. Koma sabata yomweyo mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino, anali atawapima magazi n'kupukusa mutu. Miyendo inkatupa chifukwa choimirira tsiku lonse, magazi ankathamanga, ndipo mtsikanayo anati, "Amayi, muziyendako madzulo." Kuyenda kopanda kopita iwo anakuona ngati ulesi. Ngati n'kuvutika, bola kuvutika zitatu nthawi imodzi n'kuthana nazo.

Alangizi sanasowe, pakuti munthu akangoyamba chinthu chachilendo, aliyense amasanduka mphunzitsi. Kapitawo ankawalowetsa m'dziwe mamawa alendo asanadzuke. "Mpweya muzitulutsira m'madzi, mayi, osausunga ngati chinsinsi. Mukakoka kasanu ndi kamodzi, dzutsani maso muone kumene mukupita, chifukwa kudamu kochitikira mpikisano kulibe mizere yapansiyi." Masiku oyamba anamwa madzi ochuluka moti Kapitawo anati adzawalembera kalata yothokoza pochepetsa ntchito ya pampu.

Za njinga anazigwira alamu awo, okonza njinga pafupi ndi msika. Anawapezera njinga yakale yopyapyala matayala, nakweza chishalo mpaka bondo lizitsala pang'ono kuwongoka. "Alamu, musamalimbane ndi giya yolemera ngati mukukwiya ndi munthu. Ikani yopepuka, miyendo izizungulira msanga. Madzi muzimwera panjinga pomwepo, musanamve ludzu." Namwino uja ndiye anatenga zothamanga. Anawauza kuti tsiku limodzi pa sabata aziti akangotsika njinga n'kuyamba kuthamanga nthawi yomweyo, timapazi tifupitifupi, kuti miyendo izolowere. Ndipo tsiku limodzi azipuma, osakhudza chilichonse. Tsiku loyamba kuyesa zimenezi Mayi Makona anatsika njinga, nalamula miyendo kuti tiyeni, koma miyendo inali ya munthu wina. Anapepesuka mpaka kukakumbatira mpanda wa anthu oyandikana nawo, galu wa pamenepo akuwayang'ana modabwa.

Pakutha pa miyezi isanu ndi itatu anali munthu wina. Masitepe a ku hotela ankawakwera awiriawiri, mtolo wa mathawulo uli paphewa. Analembetsa mpikisano waung'ono wa kudamu la kunja kwa tawuni: kusambira mamita 750, njinga makilomita 20, kuthamanga makilomita 5. Lamulo linali limodzi loopsa. Amene sanayambe kuthamanga pofika ola limodzi ndi mphindi makumi anayi, amamutsekera njira ndi chingwe, n'kumuuza kuti adzayesenso chaka chamawa.

Anasambira bwino, ndipo njinga anapalasa bwino. Koma pakati pa zimenezi pali malo osinthira, bwalo lozingidwa ndi zingwe kumene aliyense amasiya njinga, nsapato ndi thawulo lake. Mayi Makona atavuuka m'madzi n'kulowa m'bwalomo, mutu unawazungulira. Mathawulo ali mbwee, zipewa zosambirira zili paliponse, nsapato ina kuno ina uko. Anadzipukuta bwinobwino mpaka pakati pa zala, anavala malaya awo osita pamwamba pa kachovala kawo kotanuka, anawongola masokosi, anapinda thawulo lawo. Ndiye poti la mnzawo wa pambali linali litagwera pa lawo, analipindanso. Pobwera kunjinga anachitanso chimodzimodzi, n'kuwonjezapo kupukuta fumbi pachishalo. Atafika potulukira anapeza mkulu wina wa chipewa chofiira atakoka kale chingwe. Anachedwa ndi mphindi ziwiri.

Pepala la zotsatira litatuluka, pa dzina lawo panalembedwa mawu amodzi: sanamalize. Mawu amenewa anawapweteka kuposa miyendo. Mayi amene sanachokepo pantchito m'basiketi muli kanthu, amene sanasiyepo mkono wa shati wosasita, lero alembedwe pagulu kuti sanamalize? Sanalire pamaso pa anthu, koma sabata yonseyo ankasita ali chete, ndipo atsikana a m'chipinda chochapira ankayenda monyang'ama.

Alangizi atatu aja anakumana pabalaza kwa Mayi Makona Lamlungu masana, aliyense akuteteza dera lake. Kapitawo anati vuto ndi njinga. Alamu anati njinga yawo ilibe mlandu, madzi ndiwo anadya nthawi. Namwino anati iye asamuloze chala, chifukwa zake amayi sanazifike n'komwe. Pakona panakhala bambo a m'nyumbamo, dalaivala wa basi wopuma pantchito, munthu wamimba yake, amene chithamangireni ndi tsiku lomwe anathamangitsidwa ndi njuchi ali mnyamata. Palibe anawafunsa maganizo. Anatsokomola, natulutsa kapepala m'thumba la shati.

"Ine ndinali pachingwe ndi wotchi," anatero. "M'madzi, mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Panjinga, ola ndi mphindi ziwiri. Kupinda mathawulo a eni ake, mphindi khumi ndi zitatu." Anapinda kapepalako mokhotakhota n'kukabweza m'thumba. "Ndayendetsa basi zaka makumi atatu. Basi sichedwa pamsewu, imachedwa pasiteji."

Mayi Makona anawayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kumene sokosi imodzi inali itavalidwa chakunja.

"Ndiye inu bambo, amene simudziwa kumene kumakhala nsapato zanu, mundiphunzitse ine?"

"Eya, mayi. Chimene mukusowacho ndi chomwe ine ndili nacho chambiri."

Apa mpofunika kudziwa kuti m'nyumba imeneyi munali nkhondo ya zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Bambowa akavula shati, imagona pomwe yagwerapo. Thawulo lawo limapezeka pachitseko, pampando, tsiku lina linapezeka pamwamba pa firiji. Mayi Makona anakalipa, anachonderera, ananyanyala, koma zonse zinali kuthira madzi pamsana pa bakha. Tsopano chilema chomwechi chinasanduka udindo, ndipo bambowo anaulandira ndi manja awiri.

Loweruka lililonse ankadzuka ndi chimwemwe cha mwana, n'kumwaza zovala kuyambira pakhomo la bafa, kudutsa pabalaza, mpaka pakhonde pomwe pankaima njinga. Ankasankha zopweteka mtima: buluku losita kale, nsalu ya patebulo yoyera, masokosi osiyana mitundu. Mayi Makona ankayenera kutuluka m'bafa ali chinyowere, kudutsa pakati pa chisokonezo chonsecho osatola kanthu, kuponda thawulo kawiri, kuvala chipewa cha njinga ndi nsapato, n'kunyamuka. Bambo ali potero ndi wotchi, akuimba wenzulo ya mdzukulu wawo.

"Mwatola, mayi. Ndakuonani. Bwererani kubafa."

"Ndangolisuntha ndi phazi."

"Phazi lapinda kona. Bwererani."

Anawachotsera zingwe za nsapato n'kuikamo malasitiki. Masokosi anawaletsa. Chipewa anati chizikhala chagada pahandulo, malamba ali panja. Malaya osita aja anawabisa kumene mpaka lero sakudziwika. Oyandikana nawo ankasuzumira pampanda kuona mayi wa zaka makumi asanu akudumpha mabuluku akuseka ndi kukalipa nthawi imodzi, mwamuna wake akumutsatira pambuyo wefuwefu, akufuula manambala. Mphindi khumi ndi zitatu zinatsika kufika zisanu ndi zitatu, kenako zisanu. Madzulo ake Mayi Makona ankatola zonse n'kuzisitanso, koma ankasita akuimba.

Chaka chinatha, tsiku linafika. Kudamu kunali mphepo, madzi akuchita mafunde, ndipo kusambira kunawatengera nthawi yoposa ya chaka chatha. M'bwalo losinthira anachita monga anaphunzirira: anaponda thawulo kawiri, chipewa kumutu, nsapato kuphazi, ulendo. Koma thawulolo linawatsatira m'maganizo makilomita onse makumi awiri. Ankaliona lili khwinyaa pansi, anthu akuliponda. Mphepo nayo inali yochokera kutsogolo, moti pokwera kachitunda komaliza anakumbukira alamu awo, naika giya yopepuka, nazungulitsa miyendo mpaka mawondo kutentha.

Polowanso m'bwalo anamva mawu a amuna awo kuchokera kuseri kwa chingwe: "Zatsala ziwiri, mayi." Anakoleka njinga, anavula chipewa. Ndipo pansi pomwepo panali thawulo lija, lodzaza matope, wina atasiyapo chidindo cha nsapato pakati penipeni. Iwo sanaganize kanthu. Manja ndiwo anawerama okha, natola, nakung'untha, ndipo pomwe ankazindikira n'kuti makona awiri atakumana kale pachifuwa pawo. Kutsogolo, mkulu wa chipewa chofiira uja anali atagwira nsonga ya chingwe, maso ali pa wotchi.

Bambo sanakalipe. Anatambasula manja pamwamba pa chingwe, nalankhula ndi mawu omwe ankaitanira anthu pasiteji.

"Basi ikunyamuka, mayi. Katunduyo tisiyireni ife."

Mayi Makona anayang'ana thawulo, anayang'ana amuna awo. Kenako analikwinya ndi manja awiri, chinthu chomwe sanachitepo chibadwire, naliponya. Linakagwa kumaso kwa bambowo, matope ndi zonse. Mayiwo anadutsa pa mkulu wa chipewa chofiira kutatsala masekondi makumi anayi, akuseka ngati mtsikana wothawa kalasi, ndipo mkuluyo anawakwezera chala chachikulu.

Makilomita asanuwo anali owawa. Timapazi tifupitifupi, monga ananenera namwino. Pena ankayenda, pena ankathamanga, pena ankakambirana ndi miyendo yawo mwaulemu kuti ipirire pang'ono. Anafika wachitatu kuchokera kumapeto, koma phokoso lomwe anachita Kapitawo, alamu ndi namwino linali loti wopambana weniweni anacheuka kuona kuti walowa ndani. Anawaveka mendulo. Pa pepala la chaka chimenecho panalembedwa nthawi, manambala okhaokha, ndipo Mayi Makona sanaonepo manambala okongola chotero.

Bambo anafika pomaliza, chifukwa iwo sathamanga. Kumaso kunali kudakali matope. M'manja ananyamula thawulo lija mosamala ngati mbale yodzaza, ndipo linali lopinda.

"Ndayesa kasanu," anatero mwamanyazi. "Pamene munkathamangapo. Likukana."

Mayi Makona analiyang'ana. Mbali ina inali yaitali, pakati panali potupa, ndipo mwa makona anayi panalibe ngakhale awiri amene anakumana. Zala zawo zinayamba kuyabwa. Kapitawo anayang'ana kumbali. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu mayiwa akupempha chinthu chimodzi chokhachi, ndipo chabwera lero, chokhota. Misozi imene inakana kutuluka chaka chatha inatuluka tsopano, yachimwemwe, osaibisa.

"Lili bwino, bambo," anatero, nalilandira ndi manja awiri.

Mendulo ija anaikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo nthawi zina amaiwala kuipukuta. Koma mukatsekula kabati ya m'chipinda chawo chogona, pashelefu ya pamwamba, pakati pa nsalu zoyera zokhala ngati zayezedwa ndi rula, pali thawulo limodzi lamatope ouma, lopinda mokhota. Namwino anayesapo tsiku lina kulitsitsa kuti alichape, ndipo analandira khofi la padzanja.