Zovala za a Goodwin

A Goodwin amatsuka matambula m'bala ina ya anthu a ku Ireland m'tauni ya Fairfax, kutsidya kwa nyanja. Kwawo ndi ku Ntcheu. Anabwera kudzaphunzira, sukulu n'kuwakanika, mapepala owaloleza kukhala kuno n'kutha. Akangotuluka m'dziko muno sadzalowanso, ndipo mwana wawo Atikonda, wobadwira konkuno, adzakula wopanda bambo. Kumudzi nako mayi awo akalamba. Ndiye pa foni mawu ndi amodzimodzi: "Mayi, chaka chamawa ndikubwera."

Loweruka masana m'balamo mumabwera anyamata oimba kudzayeserera. Nyimbo zake, abale, ngati mkangano wa pamsika: gitala kukalipa, ng'oma kuthamanga, woimba kukuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. A Goodwin ankaziyesa za zidakwa basi.

Tsiku lina anatolamo mawu: sitima ya pamadzi, mayi, misewu yozizira ya m'tauni ya eni. Anafunsa woimbayo kuti nyimboyo ikunena chiyani.

"Makolo athu akamabwera kuno," anatero mnyamatayo, "abale ankawachitira maliro asananyamuke. Kuchezera, kulira, kumwa. Ankadziwa kuti sadzawaonanso."

Zinawanyansa a Goodwin. Kulira munthu wamoyo? Kwathu amenewo ndi malodza.

"Ife timabwerera," anayankha mwaukali, chikhalirecho palibe anawafunsa.

Sipanapite nthawi, mlongo wawo Edness anaimba foni. Anazungulirazungulira, za mvula, za feteleza, kenako anamasuka.

"Achimwene, mayi atsegula sutikesi yanu ija. Agawa zovala. Jekete apatsa amalume, nsapato atenga a Chama oyandikana nafe aja."

Zovala amagawa mwini wake ataikidwa m'manda, ngakhale mwana amadziwa zimenezo. Mtima wa a Goodwin unawawa.

"Ndafa ine? Apatse foni."

Mayi sanakalipe, ndipo n'zimene zinapweteka kwambiri.

"Njenjete zimadya, mwanangu. Ndasunga mokwanira. Iwe lera mwana kumeneko. Za chaka chamawa usamadzivutitse nazo, ine ndinamvetsa kalekale."

Bodza lomwe a Goodwin ankalidalira lija analandidwa.

Loweruka lotsatira nyimbo ija itayamba, anaima pakhomo la khitchini, manja ali noninoni ndi sopo. Woimbayo anasiya, n'kufunsa ngati akusokosera.

"Ayi," anatero a Goodwin. "Iyambeninso. Koma pang'onopang'ono, mmene timaimbira pasiwa."