Akangaude a Mnzanga Atachita Chuku

Chaka chimene ndinkakhala ku Bentley, mumzinda wa Perth, nyumba tinkagawana ndi mtsikana wa ku Zambia amene ankaphunzira za chuma pa yunivesite yapafupi. Ine ndinkagwira ntchito ya unamwino kunyumba yosamalira okalamba ku Midland, ndiye tinkangoonana mwa apo ndi apo, kawirikawiri pa firiji. Anali munthu waukhondo, wopemphera, wosavuta kukhala naye. Chilema chake chinali chimodzi: ankaweta akangaude.

Sindikunena akangaude wamba a pakona ya denga. Awa anali a mtundu waukulu uja, waubweya, umene kuno amati tarantula, kungoti anali akadali ana, aang'ono ngati chikhadabo. Anampatsa mnzake wa m'kalasi amene anali nawo ambiri mosowa powaika. Aliyense ankakhala m'kakapu kakekake ka pulasitiki, tija amathiramo sosi kogulitsa tchipisi, tidothi pansi, timabowo pachivindikiro. Anawandandalika pashelefu m'chipinda mwake ndipo ankawatchula kuti bana banga. Ankawadyetsa tinkhululu togula kusitolo. Ine ndinakulira kumene nkhululu timakumba kuti tidye tokha, ndiye zinkandiwawa ndithu, koma ndinkangoyang'ana kumbali.

Itafika nyengo yozizira, mvula ya ku Perth ija yosadziwa kukata, nyumba yathu inayamba kununkha chinyezi. Tsiku lina m'mawa ndikusita yunifolomu, mnzanga anagogoda, maso ali psuu.

"Ba sisi, ndimwe ba nesi. Bwelani muone bana."

Ndinamuuza kuti ine ndinaphunzira za odwala a miyendo iwiri, koma anandikoka dzanja. Kakangaude kena kanali kataunjikana pakona, miyendo itapindikira mkati, kukamwa kuli zoyera ngati kanyambita ufa. Ndinakayang'ana kudzera pa kamera ya foni, ndikupukusa mutu mwaukatswiri. Pogwira kuti ndimve kugunda kwa mtima panalibe. Ndinanena zimene ndinaona, kuti kachita chuku, ngati buledi woiwalika m'kabati.

Mawa lake tina tiwiri tinali chimodzimodzi. Ndinachita chokhacho chimene ndimadziwa: odwala tiwapatule. Pawindo la pabalaza panasanduka wodi. Mnzanga anasintha dothi, anawonjezera timabowo, anachepetsa madzi, koma matenda anapitirira. Anthu oweta akangaude amene anawafunsa pa intaneti anangokangana okhaokha, ena akuti kwanyowa kwambiri, ena akuti kwauma, ena akuloza tinkhululu. Mnzanga ananyamula makapu m'bokosi la nsapato n'kukwera basi kupita kwa dokotala wa ziweto. Bamboyo anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena mwaulemu kuti chikuoneka ngati chuku, koma gwero lake sakulidziwa, ndipo mankhwala a wodwala wochepa chonchi iye alibe.

Ndiye mnzanga, mtima utasweka, analemba pa gulu la amayi a kutchalitchi kuti bana bake badwala, timupempherereko. Sanafotokoze zambiri. Ine uthengawo ndinauona ndili kuntchito, ndinaseka, kenako ndinaiwala.

Loweruka masana tinamva odi pakhomo. Anali amayi atatu a ku Malawi, atavala zitenje pamwamba pa majuzi, atanyamula mpunga, nkhuku ndi mandasi. Wotsogolera anali amayi aakulu amene agwira unamwino ku Fremantle kuyambira ine ndisanadziwe kuti Perth ili mbali iti. Pambuyo pake anandiuza kuti m'sitima monse ankakambirana za mtsikana wosakwatiwa amene wakhala akubisa ana, ndipo anagwirizana zosamufunsa za bambo ake a anawo, chifukwa pa matenda si poweruzira munthu.

Anakhala pa sofa, moni anatha, ndiye amayi aakulu anafunsa motsitsa mawu kuti odwalawo agona kuti. Mnzanga analoza kumbuyo kwa mitu yawo. Amayi aakulu anatembenuka, anavala magalasi, anaweramira kakapu kamodzi. Anakhala chiweramire kwa kanthawi. Kenako anavula magalasi aja, anawabwezera m'chikwama, n'kusunthira kumapeto kwenikweni kwa sofa. Mayi wachiwiri anakweza mapazi onse m'mwamba osavula nsapato. Wachitatu anafunsa ngati zivindikirozo zimatseka bwino.

Ine ndinkaganiza kuti anyamuka. Koma amayi aakulu anakonza mpango kumutu n'kunena kuti, "Takwera sitima kuchokera kutali, sitingabwerere osapemphera. Tiyeni tiweramitse mitu."

Linali pemphero labwino. Anakumbutsa Ambuye kuti ndi Iwo analenga zonse, ngakhale zimene ife sitimvetsa chimene anazilengera. Anapempherera odwala, osawatchula mtundu. Anapempha kuti mwana wa ku Zambiayu apatsidwe mtima wolimba, ndiponso nzeru, ndipo mawu akuti nzeru anawabwereza. Nditasuzumira ndinaona kuti onse atatu akupemphera diso limodzi lili pawindo. Nkhuku tinakadyera kukhitchini, choimirira, chitseko chotseka.

Ambiri mwa odwala athu sanachire. Tinkawaika pansi pa mtengo wa mandimu kuseri kwa nyumba, mnzanga akukumba ndi supuni, ine nditagwira ambulera. Tsiku lina iye ali ku mayeso, ndinapeza kodwala kamene ankakakonda kwambiri kali chagada, miyendo m'mwamba, kali zii. Ndinachita monga timachitira kuntchito. Ndinaphimba kakapuko ndi kansalu koyera, ndinatseka katani, n'kumulembera kuti akamaliza mayeso abwere msanga, ndipo alimbe mtima.

Anafika akulira kale. Anakhala pansi, anavundukula kansalu pang'onopang'ono, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola. M'kakapu munali akangaude awiri: wina wotumbululuka, wofewa, akudziwongola, winayo chikopa chabe. Kanali kakufundula. Akangaude amenewa pofundula amagona chagada, ndipo palibe anandiuzapo. Zoyera zija zinatsalira pachikopa chakale. Mnzanga ananena kuti mwayi wake sindinathamangire supuni.

Kutayamba kufunda, matenda analeka okha monga anayambira. Mpaka lero sitidziwa chimene chinawabweretsa kapena chimene chinawachotsa. Opulumuka anali ochepa, koma anakula, miyendo n'kuyamba kudzaza chikhatho, ndipo anasamukira m'mabokosi agalasi.

Atamaliza maphunziro, mnzanga anapeza ntchito ndi nyumba kufupi ndi Fremantle. Ndinamuthandiza kulongedza m'takisi. Katoni yomaliza, yokutidwa ndi thaulo, anakana kuti ilowe kubuti, anaiika pamiyendo. Woyendetsa anafunsa kuti muli chiyani chofunika chonchi. Mnzanga anayankha kuti ndi keke, ndipo bamboyo analonjeza kuti pokhota aziyenda pang'onopang'ono.