Aphunzitsi Okana Manambala

Apulofesoli athu a mbiri yakale kuno ku Insaca, kufupi ndi malire a Malawi, amayendera njinga yopanda mabuleki, amaimitsa ndi chidendene. Aphunzitsi anzawo onse amatiitana ndi manambala a m'kaundula, iwo toto. "Amayi ako anabereka nambala?" ndiwo mawu awo.

Tsiku lina Mastura, mnzathu wa m'kalasi, anachedwa. Anafuula pakhomo, "Numeru 27 ndafika!" Tonse tinaseka.

Iwo anatseka buku. "Anazi, amene anapha Ayuda mamiliyoni asanu ndi limodzi, ankadinda ena nambala pamkono kuti dzina liiwalike. Inenso nditathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo ndinali nambala ya pakhadi la ufa. Tuluka, ulowenso."

Mastura anabwerera panja. "Odi! Ndine Mastura Haji, wa ku Chiuta."

"Eyaa," anamwetulira. "Tsopano kwabwera munthu. Wochedwa, koma munthu."