Mgolo wa madzi otentha ku Sunnyside

A Fabiano Namakhwa ndinawadziwa atakalamba kale, akugulitsa mabanzi pakhonde la nyumba yawo ku Ndirande. Anali munthu wamfupi, wolankhula motsitsa, ndipo chitseko chikamenyeka ndi mphepo ankadzidzimuka thupi lonse. Nkhani iyi anandiuza ndi akazi awo, a Alefa, eni ake ali pomwepo akungogwedeza mutu.

Anabadwira kuseri kwa phiri la Mulanje, m'dziko la Apwitikizi, ndipo anawoloka malire ali kumsana kwa amayi awo. Anakulira pa esiteti ina ku Thyolo, kumene chikoti anachidziwa asanamere ndevu. Nkhondo ya Ajeremani itafika anawagwira umtengatenga. Anasenza mabokosi a zipolopolo mpaka kumpoto, nabwerako ndi mapazi ong'ambika komanso mantha a chilichonse cholira mwamphamvu. Kuphika anaphunzira kwa ansembe. Cha m'ma 1926 anapeza ntchito ya ukhukhi ku Sunnyside, kwa mzungu wogula fodya amene antchito ankamutchula Bwana Chipewa, poti ngakhale m'nyumba sankavula.

Nyumbayo inali imodzi mwa zochepa zimene madzi ankatuluka pampopi. Kuseri kunali chitsime ndi pampu ya manja yokweza madzi kupita m'thanki imene inali m'denga. Pambali pa pampuyo panali mgolo wachitsulo wozingidwa ndi njerwa, pansi pake posonkhapo moto. Madzi ankatsika kuchokera m'thanki, kutentha mumgolomo, n'kukweranso m'paipi kudutsa m'denga mpaka kubafa. Kachipinda ka a Fabiano ndi a Alefa, pamodzi ndi khanda lawo Ursula, kanali mapazi ochepa kuchokera pamgolowo.

Sabata ina ya mwezi wa Okutobala, Bwana ndi Dona ananyamuka kupita ku Zomba, kuti abwera Loweruka. Dzulo lake Bwana anakwera padenga ndi hamala, a Fabiano atagwira makwerero. Zimene anachita kumwambako sanazione, ndipo sanafunse. Ponyamuka Bwana anakhoma chipinda chake chosungiramo mapepala ndi mfuti, kiyi n'kuika m'thumba.

"Amene akhudze chitseko ichi akagona ku Boma," anatero.

Lachisanu m'mawa a Alefa anasonkha moto pamgolo kuti achape nsalu zonse za pabedi, monga analamulira Dona. Dzuwa litakwera pang'ono mgolo unayamba kung'ung'udza. Kenako unagunda kamodzi, ngati munthu wamenya chitsulo ndi nyundo ali m'kati. Unagundanso. Mapaipi a m'denga anayankha, nyumba yonse n'kumanjenjemera. A Fabiano, amene anali kukhitchini, anapezeka ali pansi pa tebulo, manja kumutu, osadziwa kuti alowamo bwanji.

Atatuluka anamva china m'kati mwa nyumba, ngati mvula. Anathamangira kukhonde la m'kati napeza madzi otentha akutuluka pansi pa chitseko chokhoma chija, nthunzi ikufuka pabowo la kiyi. Anaika matawulo. Matawulo ananyowa. Anaika matumba a ufa opanda kanthu, nawonso chimodzimodzi. Anagwira chogwirira chitseko, n'kuchisiya msanga ngati chawaluma.

Patapita nthawi mvula ija inachepa, n'kusanduka madontho. Anatsegula mpopi wa kukhitchini, koma unangopuma mpweya. Thanki yonse inali itathera m'chipinda cha Bwana. Kunja mgolo unali ukugundabe, ndipo tsopano unkaliranso kamluzu kosalekeza.

"Amake Ursula, madzi atha m'mwambamu. N'chifukwa chake ukulira. Popani pampu, musaleke mpaka ndibwere. Ndikukaitana wodziwa."

"Nanga motowu?"

"Musayandikire pamenepo. Popani basi."

Iwowo pamgolo sanathe n'komwe kuyang'anapo. Anatuluka pageti akuthamanga, epuloni ili m'chiuno.

Anayamba kutauni, kusitolo ya mzungu amene anaika mapaipi m'nyumbayo. Anaima pakhomo la kumbuyo, poti lakutsogolo silinali lawo. Kalaliki wa pamenepo anawamvetsera bwino, koma anati popanda kalata ya Bwana mwini palibe mmisiri amene angatuluke. A Fabiano anagwada. Kalalikiyo anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Dzukani, bambo, musandiike m'mavuto. Pitani kuja kuli fakitale ya thonje, panjira ya ku Limbe. Kafunseni Che Kalimu, fundi wa zitsulo. Anagwirapo m'sitima za pamadzi ku Chinde, zamoto ndi nthunzi amazidziwa kuposa amene tili nawo muno."

Pofika kufakitale ya thonje dzuwa linali paliwombo. Anawalozera kashedi ka malata kodzaza zidebe zobooka ndi zidutswa za mapaipi, koma kanali kotseka. Mayi wina wogulitsa chinangwa anati Che Kalimu ali kumzikiti, lero ndi Lachisanu. Mzikitiwo unali waudzu, kuseri kwa mitengo ya bulugamu, pakhomo pali nsapato zowerengeka. A Fabiano, Mkatolika, anali asanayandikirepo mzikiti. Anaima padzuwa, akuopa kulowa, akuopanso kudikira. Ankati akamva ngolo ikugunda pamsewu, ankayang'ana chakumadzulo, ku Sunnyside, ngati kukufuka utsi.

Anthu atayamba kutuluka anafunsa woyamba, ndipo anawasonyeza bambo wamtali woonda, wa kanzu yoyera, amene mkono wake wamanzere unali ndi chipsera chachikulu chosalala. A Fabiano anafotokoza mosokoneza, kuyamba ndi chitseko chokhoma, kubwerera kwa Dona, kulumphira kumatawulo. Che Kalimu anawadula.

"Moto mwazimitsa?"

"Iyayi."

"Thanki ili ndi madzi?"

"Yatha. Koma ndasiya akazi anga akupopa kuti idzaze."

Che Kalimu anasiya kumanga nsapato. "Pampuyo ili pati?"

"Pambali pa mgolo pomwepo."

"Achimwene, mgolo umenewo tsopano ndi wouma ndipo wafiira. Madzi ozizira akangolowamo, chitsulo chija chiuluka pamodzi ndi njerwa zake. Mkono uwu ndinautengera kwa zoterozo, ndipo mnzanga amene anaima patsogolo panga tinamuika m'manda tsiku lomwelo. Mwana ali kuti?"

"Ali ndi amake," anatero a Fabiano.

Che Kalimu anavula kanzu, natenga thumba la zitsulo kushedi, n'kutulutsa njinga yakapalasa. A Fabiano anakhala kumbuyo atakumbatira thumbalo. Pachitunda ankatsika n'kumakankha, potsetsereka ankauluka. Njira yonse a Fabiano ankatchera khutu kudikira kuphulika. Anayesa kupemphera koma pemphero linkangothera pa mawu oyamba. M'mutu mwawo munkangobwera mawu awo omwe, oti musaleke mpaka ndibwere, ndipo a Alefa sanali munthu wokana mawu a amuna awo.

Atafika pageti kunali zii. Kamluzu kaja kunalibe. Pampu inali yokha, chogwirira chili m'mwamba. A Fabiano anazungulira nyumba akuitana, ndipo anawapeza a Alefa kumapeto kwa munda, pansi pa mtengo wa mango, Ursula ali kumsana. Nkhope yawo inali yakuda ndi phulusa, nsidze zitawauka. Pafupi ndi mgolo panali zikuni zomwazika, zokwiriridwa ndi dothi, ndi khasu.

"Sindinapope," anatero a Alefa asanafunsidwe. "Ndinakoka kawiri, kenako ndinaganiza. Inu ndinu khukhi, abambo ake Ursula. Mphika ukapserera pamoto wopanda madzi, mumathiramo ozizira? Ndinamusiya mwana kuno, n'kukafumula moto ndi khasu."

Che Kalimu analavulira pachitseko cha ng'anjo, malovu n'kuthetheka. "Mayi, mwachita za nzeru. Uwu tiusiye mpaka dzuwa lipendeke. Palibe wokhudza pampu."

Vuto linatsala m'denga. Kakhomo kokwerera kumeneko kanali m'chipinda chokhoma chija. Che Kalimu anayang'ana loko nati angathe kutsegula ndi kawaya, palibe angadziwe.

"Chonde, ayi," anatero a Fabiano. "Muli mfuti. Akadzati imodzi yasowa, ine ndi chingwe."

Choncho Che Kalimu anakwera padenga, nazula misomali ya lata limodzi, n'kulowera pamwamba. Anafuna wowagwirira nyali yosungunulira mtovu, ndipo panalibe wina koma a Fabiano. M'dengamo munali ngati mu uvuni. Ankayenda chokwawa pamitanda, pakuti pansi pawo panali nsalu yokha yopaka laimu, imene inali siling'i ya nyumbayo. Pamwamba pa chipinda cha Bwana nsaluyo inali itang'ambika, ndipo a Fabiano anasuzumira. Mabuku anali atatupa, mapepala atamatirira patebulo, inki itayenderera mpaka pansi. Mfuti zitatu zinali pakhoma, zikudontha. Anatseka maso.

Che Kalimu anapeza polumikizira paipi pamene panang'ambika. Anadula pong'ambikapo, napala ndi tupa, n'kuyatsa nyali ija. Lawi labuluu linkabangula pafupi ndi mitanda youma gwa. Manja a a Fabiano ankanjenjemera kwambiri moti lawilo linanyambita mtanda, n'kuyamba kufuka. Che Kalimu anaphimbapo ndi thumba lonyowa osatembenuka n'komwe.

"Gwirani ndi manja awiri. Yang'anani paipi, osati pansi."

Atamaliza anatulukira padenga, Che Kalimu n'kupita pa kapaipi kakang'ono kamene kanatulukira pamwamba pa malata. Anakagogoda, nasuzumira, n'kutenga pulayala. Anazula chitsekero cha botolo la kachasu wachizungu, chokhomeredwa mwamphamvu.

"Aka ndi kopumira mgolo. Mukakatseka, nthunzi ilibe kolowera. Anaika ndani?"

A Fabiano anakumbukira makwerero ndi hamala. Anakumbukiranso kuti Dona ankadandaula za kapaipiko, kuti kamalavulira madzi pamalata n'kumamusokoneza tulo ta masana. Anayankha monong'ona kuti ndi Bwana, ngakhale panyumba panalibe mzungu.

"Musonyezeni akabwera," anatero Che Kalimu, akuwapatsa chitsekerocho.

"Ine ndimuuze mzungu kuti walakwa?"

"Ndiye akuuzani kuti mwalakwa ndinu."

Madzulo mgolo utazizira anapopa madzi pang'onopang'ono, onse ataima patali kupatula Che Kalimu. Mpopi wa kukhitchini unakhosomola, n'kutulutsa madzi ofiira, kenako oyera. Za malipiro Che Kalimu anati adzakamba ndi mwini nyumba. A Alefa anawagwirira tambala, nawamangirira panjinga.

Loweruka lonse a Fabiano sanadye. Anamanga katundu wawo m'nsalu, nauza akazi awo njira yopitira kwa achimwene awo ku Thyolo ngati asikali atabwera. Chitsekero chija anachiika pawindo la kukhitchini, kenako m'thumba, kenako pawindo pomwepo.

Galimoto inafika cha m'ma folo. Bwana anamva fungo la chinyezi asanakwere masitepe. Anatsegula chipinda chake, naima pakhomo nthawi yaitali. Atatembenuka khosi lake linali lofiira. Anagwira a Fabiano pakolala, nawakankhira kukhoma, akufunsa m'Chinyanja chake chothyokathyoka kuti walowa ndani, wawononga ndani. A Fabiano anangoti, "Bwana, paipi." Bwana anawamenya khofi, nati Lolemba m'mawa apita nawo ku Boma.

Dona anali atakhala pakhonde, atatopa ndi ulendo, ndipo anaitanitsa tiyi. A Fabiano anakonza thireyi, makapu akulira. A Alefa, amene sankaloledwa kufika kukhonde la kutsogolo, anawalanda thireyiyo. Anatenga chitsekero pawindo, nachiika m'sosala yakeyake pambali pa shuga, n'kupita nayo okha. Anagwada, naika patebulo.

"Fundi wachipeza m'kapaipi ka padenga," anatero, maso ali pansi. "Akuti mgolo umapumira pamenepo."

A Fabiano ankaonerera pamng'alu wa chitseko. Dona anayang'ana chitsekerocho, nayang'ana mwamuna wake, n'kunena mawu ochepa m'Chingerezi. Bwana anachitola, nachitembenuza, n'kuchiika m'thumba la jekete. Anamwa tiyi wake yense.

Lolemba linafika, a Fabiano atavala malaya awiri pokonzekera kundende. Bwana anadya mazira ake, nakwera galimoto, n'kupita kuntchito. Za Boma sanazitchulenso, za khofi lija sanapepese. Lachitatu anatuma uthenga kuti fundi uja abwere, ndipo Che Kalimu anasamutsira mgolo kutali ndi zipinda za antchito. Kuchokera apo nyumba zina za ku Sunnyside zinayamba kuwaitana mwakachetechete, polowera kumbuyo.

Katundu uja a Fabiano sanamasule mpaka mvula yoyamba itagwa. Anagwira ntchito panyumbapo zaka zina zisanu ndi zinayi, kufikira Bwana Chipewa atabwerera kwawo. Kenako anamanga uvuni wa njerwa ku Ndirande, nalera ana asanu ndi mabanzi. Ursula anadzakhala namwino ku Limbe. Che Kalimu atamwalira, a Fabiano anayenda wapansi kukafika kumaliro, naima kunja kwa mpanda mpaka anthu onse atabalalika.