Ndinapha Apongozi a Malume pa Kompyuta

Inu owerenga, ndivomere pachiyambi pomwe: ine ndinapha munthu wamoyo. Mpeni sindinagwire, ndinangodina batani limodzi pa laputopu, koma kwathu kuno ku Namitambo mpaka lero amandiloza ngati ndinawotcha tchalitchi. Mlandu ndi wanga, inde, koma enanso ali ndi gawo lawo ndipo ndiwatchula.

Nditalemba mayeso a Fomu 4, malume anga ananditenga kuti ndizigwira ntchito pa kampani yawo. Ndikuti kampani chifukwa cha ulemu. Ndi kachipinda kamodzi, pulinta yotsokomola ngati nkhalamba ya chingambwe, ndi a Lameki. A Lamekiwo anaphunzira za makompyuta ku koleji, ndipo amakukumbutsa zimenezo kasanu pa ola. Ine ankanditchula kuti kamwana ka pafoni. Ndinkadana nawo kuyambira nsapato mpaka magalasi.

Ndiye ofesi ina ya boma inatulutsa tenda. Ankafuna kampani yoti isamutse kaundula wa alimi kuchoka m'mafayilo akale kupita mu detabesi, kapena kuti nkhokwe ya maina ya pakompyuta. Kampani iliyonse anaipatsa maina a midzi ingapo kuti ikaonetse luso lake pamaso pa komiti. Pa midzi yathuyo panali mudzi wina wa ku Mbombwe, kumene malume anakwatira ndipo akukhala chikamwini.

A Lameki anati tisankhe detabesi yogwira ntchito ngakhale netiweki itathawa, mlimi aliyense akhale ndi nambala yakeyake, ndipo tizisamutsa mudzi umodzi umodzi, tikuyerekeza ndi mafayilo akale. Ine ndinaseka. Ndinati njira imeneyo tidzamaliza zidzukulu zathu zitamera imvi. Ndinali nditaonera mavidiyo atatu pafoni, ndiye ndinkadziona ngati amene anapanga intaneti. Ndinauza malume kuti titenge detabesi ya pa intaneti, munthu tizimudziwa ndi dzina komanso tsiku lobadwa, tikhuthule maina onse kamodzi, basi. Malume akamva mawu oti "msanga" nzeru zimawathawa. Anasankha njira yanga.

A Lameki anangoti, "Ikaphulika musandiitane." Mawa lake anapita kumaliro ku Magomero, ine nkumauza aliyense kuti athawa manyazi.

Nditakhuthula mainawo, ndinaona kuti ambiri akuoneka kawiri: dzina lomwelo, chaka chomwecho, tsiku lobadwa 1 Januwale. Ndinanyoza akalaliki a boma kuti amalemba akusinza. Chimene sindinkadziwa, inu owerenga, n'chakuti akuluakulu ambiri sadziwa tsiku lawo lobadwa, ndiye olemba amangowaikira 1 Januwale, chaka nkuganizira poyang'ana makwinya. Komanso m'midzi yathuyi maina amabwerezedwa ngati nyimbo ya kwaya. Ine ndinalamula kompyuta kuti ofanana onse iwaphatikize akhale munthu mmodzi, ndipo pamene pasiyana, isunge zimene zinalembedwa komaliza. Kope la mafayilo akale sindinasunge, chifukwa fulashi inali yodzaza ndi nyimbo zanga.

Tsiku lokaonetsa ku boma, malume anavala suti yowathina moti akanayetsemula mabatani akanavulaza anthu. Titangoyamba, netiweki inathawa. Tinaima pamaso pa komiti nthawi yoti munthu akanabzala chimanga nkukolola. Wapampando anali mayi wina wa maso owuma, amene ndikukhulupirira sanasekepo chibadwire.

Netiweki itabwera, malume anafuna kukonza zinthu. Anauza komiti kuti nkhokwe yathu ndi yoyera, ndipo umboni wake afufuza munthu amene akumudziwa bwino, apongozi awo enieni, mayi Elube Makwinja. Analemba dzinalo. Pakhoma ponse panatuluka zilembo zazikulu ngati zitseko: ANAMWALIRA.

Mayi amenewa m'mawa womwewo anali atatipatsa mbatata yootcha kuti tidye m'njira.

Wapampando uja anatsegula kaundula wa ofesi yawo. Munali a Elube Makwinja awiri, midzi yoyandikana, onse a 1 Januwale. Winayo ndi amene anamwalira chaka chatha. Anafufuza maina ena, nkupeza kuti ndaphatikiza anthu ambirimbiri, minda ya uyu yapita kwa uyo. Anandifunsa kuti kope lakale lili kuti, tibweze. Kope panalibe.

Kenaka anatembenukira kwa malume nkunena motsitsa mawu, "Ndiye tikupatseni alimi onse a Chiradzulu kuti muwaike m'manda tsiku limodzi?"

Tenda inathera pomwepo. Koma zimenezo zinali zochepa. Mu holomo munali munthu wa lilime lalitali, ndipo nkhani inafika ku Mbombwe pa kabaza ife tisanakwere n'komwe minibasi. Pofika kumeneko inali itanenepa: akuti mkamwini wakalembetsa apongozi ake ku boma kuti anafa, n'cholinga choti atenge munda. Malume anayesa kufotokoza za detabesi, koma mungafotokoze bwanji detabesi kwa mayi amene wanyamula chipande? Malume anakagona kukampani, pansi pa pulinta, milungu iwiri. Ine anandichotsa ntchito pakhonde, anthu ogula matimati akumvetsera.

A Lameki atabwera anangopukuta magalasi awo nkumwetulira. Kumwetulira kumeneko sindidzawakhululukira, makamaka chifukwa zonse zimene ananena zinali zoona.

Ndiye inu anzanga amene mwangomaliza sukulu, ndipo mukudziona ngati akatswiri chifukwa zala zanu zimathamanga pafoni, mverani. Dzina si munthu. Mupatseni aliyense nambala yake, samutsani pang'onopang'ono, sungani kope ngakhale zitatanthauza kufufuta nyimbo zanu zonse. Musanaphatikize maina awiri, funsani amene amawadziwa anthuwo. Ndipo munthu amene mumadana naye akakuchenjezani, danani naye ndithu, koma chitani zimene wanena.

Malume anabwerera kunyumba, koma ine sandiyankhula. Amene amandiyankhula ndi mayi Makwinja. Tsiku lililonse la msika amaima patsogolo panga, anthu atadzaza, nkunena mokweza kuti, "Wadzuka bwanji, mwanawe? Malemufe tadzuka bwino."