A Blasius ndi Batani la Ctrl

Sindinamvetse konse chifukwa chimene a Blasius Namakhwa ankakanira kuthandizidwa. Tinkagwira ntchito limodzi pa parishi ina kufupi ndi Ulongwe, iwo ngati mlembi, ine ngati mphunzitsi wopuma amene anthu ankati amadziwa makompyuta. Ankakokomeza, ndimadziwa pang'ono chabe.

A Blasius anaphunzirira kutaipa pa makina akale a riboni, ndipo ankataipa maso ali pa buku. Atadwala sitiroko, dzanja lamanzere linafa. Komiti ya parishi inawapatsa miyezi itatu kuti akopere mu kompyuta mabuku a ubatizo amene chiswe chinkamaliza. Akalephera, ntchito ipita kwa wina. M'mabukumo munali mayina a Alomwe amene anachokera ku Mozambique, kuphatikizapo agogo awo a Blasius. Masamba ena ankanyenyeka akangowatembenuza.

Kompyutayo inali yakale, ya sikirini yakuda ndi zilembo zoyera basi. Kuti usunge zimene walemba, unkagwira batani la Ctrl n'kudina S. Koma Ctrl ya kumanzere inali yowonongeka, ndipo ya kumanja ili kutali ndi S, dzanja limodzi silingafike konseko. Ndinatha sabata ndikuyesa kuikonza kuti munthu azidina Ctrl n'kusiya, kenako S. Sizinatheke.

"Achimwene, muzingondiitana ndizikudinirani," ndinatero.

"Iyayi, aphunzitsi. Mawa mudzafunanso kundimwetsa phala."

Anatola bawuti yolemera m'mbali mwa njanji ku Balaka. Ankaiika pa Ctrl, n'kudina S, n'kuichotsa. Anagwira choncho masabata khumi.

Tsiku lina ankakonza dzina lina koyambirira kwa mndandanda. Atangoika bawuti ija, belu la masana linalira. A Blasius anali asanaphonyepo pemphero la Mngelo wa Ambuye. Anatsamiritsa buku pa mabatani, n'kuimirira kuyang'ana ku tchalitchi. Ngodya ya bukulo inapanikiza K. Mu pulogalamu imeneyo, Ctrl ndi K zimachotsa mzere, ndipo mizere inkachoka umodziumodzi iwo akupemphera. Atamaliza, anaona bawuti ikadali pamalo pake, n'kudina S asanayang'ane sikirini. Atayang'ana n'kuona kuti asunga mndandanda wopanda kanthu, anazimitsa kompyuta pakhoma.

Akanandiitana isanazime, batani limodzi likanabweza zonse. Izi sindinawauze.

Madzulo ake ndinawapeza pakhonde, ndipo anandifotokozera zonse.

"Masamba a agogo anga aja ndinawasesa ndekha mwezi watha," anatero. "Anali fumbi."

"Tikapempha komiti iwonjezere masiku."

"Masiku okopera chiyani?"

Lachisanu ndinapita ku Balaka kwa mayi Yasmin, amene amakonza makompyuta pafupi ndi msika. Nditawafotokozera za Ctrl ija, anandiyang'ana modabwa.

"Bambo, mukanangodina Esc kawiri, kenako S. Pulogalamu imeneyo imamva choncho. Chala chimodzi chikwana."

Ndinalemba pa kapepala, n'kukwera minibasi. Ku ofesi ndinapeza makiyi ali pa tebulo, mabuku atasanjidwa bwinobwino. Kunyumba kwa a Blasius ndinapeza alongo awo, a Martina, akusenda chinangwa. Anati a Blasius ananyamuka m'mamawa ndi kachikwama, atavala jekete ya ku tchalitchi, osanena kumene akupita. Wakabaza wina anawasiya pa siteji ya Ulongwe. Ena amati anakwera ya ku Mangochi, ena amati anawaona ku Liwonde akufunsa za sitima ya ku Nayuchi, kumalire ndi Mozambique. A Martina anafunsa kwa achibale onse, koma palibe amene anawalandira.